Khomo la Amake Simoni

Khalani pansi, ana inu, mmisiri wanu wapita. Iwe Daliso, foniyo ika m'thumba, siithawa. Misozi, leka kutsuka makapuwo, bwera ukhale apa pamene ndingakuone nkhope, chifukwa nkhani iyi ndi yako kuposa wina aliyense.

Mnyamata uja ndamumva bwinobwino, ngakhale inu mumayesa kuti makutu anga anapuma ntchito limodzi ndi ine. Waima apo ndi tepi yake yoyezera m'chiuno, wagogoda chitseko ndi chala, n'kunena kuti, "Ba shikulu, ivi vitseko ni va kudala, vikudya malo maningi. Tizachosa, tifake chimozi cha nsimbi, uku tivale na mabuloko. Mande niyamba." Atatero walemba mzere wa choko chofiira pakhoma langa ngati telala akudula nsalu. Ine ndangoti chete, inu n'kumati nkhalamba yavomera. Sindinavomere ayi. Ndimadikira kuti mlendo achoke, pakuti za m'nyumba sitiyanika pamaso pa munthu wobwera ndi tepi.

Pulani yanu ndaimvetsa, ndipo si yopusa. Denga likudontha, pansi pang'ambika, mawaya a magetsi ndi akale ngati mwini wake. Misozi watenga ngongole kuntchito kwake kuti akonze zonsezi. Mukufuna kudula chipinda chochezera chino pakati, mbali iyo mulowe munthu wa lendi, kuti lendiyo izibweza ngongole ndi kugula mankhwala anga a shuga. Khoma latsopanolo lidzafika pakati penipeni pa khomo lalikulu ili, ndiye zitseko ziwirizi ziyenera kuchoka. Mwana wanga, ndikudziwa kuti ku Avondale ukugona m'nyumba ya eni, ndipo ndalama imene ukadayambira kanyumba kako waibweretsa kuno kwa nkhalamba. Ndikuthokoza, ndipo ndanena Daliso akumva. Koma khomo ili musalikhudze. Agogo anu aakazi anandiletsa kukuuzani chifukwa chake, ndipo ndasunga mawu awo mpaka lero pamene ndaona choko pakhoma.

Ine ndinabwera m'Lusaka muno kuchokera ku Katete ndili ndi kasutikesi ka malata ndi bulangete limodzi. Basi ya masiku amenewo inkanyamuka lero n'kudzafika mawa. Pa mlatho wa Luangwa asilikali ankatitsitsa tonse, n'kumapisa manja m'matumba a nshawa ngati tabisamo mizinga. Tinkafika muno tili mbuu, tsitsi lofiira ndi fumbi, m'thumba muli masau ndi kansomba kouma. Inu lero basi ikachedwa pang'ono mumaimbira foni dziko lonse. Ntchito ndinaipeza ku Indasitiriyo, kufakitale yosoka matumba. Ndinkapita pa njinga, nkhomaliro yanga mabanzi awiri ndi madzi a shuga amene tinkati zigolo. Usaseke Daliso, zigolo zimenezo ndizo zinaphunzitsa amako.

Nditakhazikika ndinakatenga agogo anu kumudzi. Inu munkati agogo, kutchalitchi ankati amayi a chigwirizano, koma ine kuyambira tsiku limene anabala mwana wathu woyamba ndinkati amake Simoni, ndipo ndizitero m'nkhani ino. Tinayambira m'kachipinda ka lendi ku Kalingalinga, kwa munthu amene ankadandaula ngakhale tikalandira mlendo, ati alendo amatha chimbudzi. Ndiye tsiku limene dzina langa linatuluka kukhonsolo kuti ndapatsidwa nyumba ku Kabwata, amake Simoni anavina pabwalo mwana ali kumsana. Pompi yathuyathu, chimbudzi chamadzi, getsi lopachika pakati pa chipinda. Mipanda ya mabuloko iyi imene mwadzitsekera nayo kunalibe. Panali kawaya ndi timaluwa, moti ndiwo za mnzako unkazidziwa usanazione.

Koma nyumbayo inali ya khonsolo, ife tinali ongoikidwamo. Sukanapaka penti ya mtundu wina, sukanaonjezera ngakhale kakhonde. Ndipo sinali iyi mukuionayi. Pamene takhala pano panali pabwalo. Khomo lakutsogolo linali apo pali kabati ya mbale, lopapatiza, ndipo ukangolowa unkagundana ndi khoma la khitchini, n'kukhota pomwepo kuti ulowe m'kanjira kopita kuchipinda chochezera. Amene anajambula nyumba zimenezi sananyamulepo chinthu chachikulu kuposa chikwama cha mapepala. Bedi lathu linalowa lomasula. Tebulo tinalichotsa miyendo. Tinkangoseka, chifukwa munthu amene wachoka ku Kalingalinga sadandaula za khomo.

Simoni, atate ako Misozi, anakula m'nyumba imeneyo mpaka anaiposa. Msinkhu umenewo sindikudziwa anautenga kuti, mwina kwa amalume ake a ku Chadiza. Polowa ankawerama, ndipo akaiwala tinkamva gu! kenako amake akuti, "Ulipira khonsolo ukaphwanya felemu." Anali mnyamata wa phokoso, wokonda mpira ndi ndiwo za chibwabwa chotendera. Anapeza ntchito ya pa malole, anakwatira amako, n'kumakhala nafe m'kachipinda kakang'ono kaja poyembekezera kuti apeze pawo. Mvula yoyamba ya chaka chimenecho itangogwa, amako ali ndi pakati pa iwe, lole yawo inagubuduka pa msewu wa ku Kafue. Zimenezi ukuzidziwa. Zimene sukudziwa ndi za tsiku la maliro.

Muno m'tauni anthu ambiri amachotsa maliro kumochale ya kuchipatala n'kupita nawo kutchalitchi, kenako kumanda, kunyumba osafikako. Amake Simoni sankazimvetsa zimenezo. Iwo ndi anzawo a chigwirizano anali ataimba m'maliro ambiri, mpaka ku Woodlands ndi ku Kabulonga, m'nyumba za makomo otakasuka, kumene bokosi limalowa ngati mwini nyumba akuchokera kuntchito. Ankati munthu ayenera kulowa m'nyumba mwake komaliza, agone pakati pa amayi, amuimbire, kenako atuluke pakhomo ngati wa paulendo. Kwathu ndi mmene timachitira. Ndiye tinatulutsa mipando yonse, amayi anayala mphasa, anakhala motsamira makoma n'kusiya malo pakati. Lole ya kuntchito kwake inabweretsa bokosi m'mawa. Linali lalitali, lochita kukhomedwa mwapadera.

Anyamata analinyamula, analowetsa kumutu, n'kugunda khoma la khitchini. Anabwerera. Anayesa molipendeketsa, linakana.

Apa ndiyenera kukuuzani za ba Mulenga, aneba athu a nyumba iyo, amene lero mumangowaona atakhala padzuwa ndi ndodo. Iwo ndi Mbemba, ndipo mukudziwa chimbuya chathu ndi Abemba. Pamaliro athu iwo ndiwo amagwira ntchito, kuwaza nkhuni, kutumikira anthu, ndipo amatithira ufa kumutu ndi kutinyoza mmene angafunire kuti ofedwa asamire m'chisoni. Ifenso pa awo timatero. Palibe amakwiya, ndi mwambo. Ndiye bokosi litakana kachiwiri, ba Mulenga anafuula kuti, "Awe mwe bantu! Imwe ba kum'mawa, kudya mbeba mudya, manje na khomo munafaka ya mbeba!" Amuna ena anaseka pang'ono monga kuyenera. Inenso mwina ndinamwetulira, sindikumbuka.

Wina anati aliimike chilili kuti likhote. Anayamba kukweza kumutu, ndipo m'kati munamveka kusuntha, gudu. Amake Simoni anatuluka m'nyumbamo akukwawa pakati pa miyendo ya anthu, anagwira bokosi ndi manja onse awiri n'kukuwa kuti, "Musamuimike mwana wanga! Wathyoka kale, musamuimike!" Kulira kumeneko ndimakumvabe, ana inu. Ndakalamba, ndaiwala maina a anthu amene ndinagwira nawo ntchito moyo wonse, koma kumeneko kumandidzutsabe.

Khomo lakukhitchini linali laling'ono kuposa pamenepo, mawindo anali ndi zitsulo. Ba Mulenga ataona nkhope ya amake Simoni nthabwala zinawathera. Anathamangira kwawo n'kubwera ndi hamala yaikulu kuti agumule felemu. Koma tcheyamani wa dera lathu anawagwira mkono n'kuti, "Ba Mulenga, iyi nyumba ni ya khonsolo. Mukapwanya lelo, mailo aba bantu katundu panja. Muzabasunga ndimwe?" Sananame. Anthu ankatulutsidwa m'nyumba pa zifukwa zochepa kuposa pamenepo, ndipo ife tinali ndi ana ena ndi mpongozi wapakati. Akulu anati nyumba ya mwini saotchera mbewa. Kuyambira tsiku limenelo mwambi umenewu ndimadana nawo.

Tinamugoneka pa mabenchi awiri pansi pa mtengo wa mango umene unali pamene pali tebulo apo. Amayi anatuluka ndi mphasa zawo. Asanamalize nyimbo yoyamba mvula inayamba, ija ya madontho akuluakulu. Amayi a chigwirizano anavula zitenje zapamwamba n'kuzitambasula pamwamba pa bokosi, atagwira m'makona, akuimbabe, madzi akutsikira m'zigongono. Amako, Misozi, anakhala m'matope ndi mimba yawo, anakana kulowa. Umo ndi mmene atate ako anatsanzikira pakhomo pawo, panja ngati wobwera kudzapempha moto.

Utabadwa tinakutcha Misozi. Amako anali mtsikana wamng'ono, pambuyo pake anakwatiwa ku Kitwe ndipo tinawadalitsa, iwe n'kutsala nafe. Amake Simoni anati dzina lokhalo ndi katundu wokwanira, mwana asamve za mvula ija. Koma iwo eni kuyambira pamenepo sanadutsenso pa khomo lakutsogolo. Ankazungulira kukhitchini, ngakhale atavala yunifomu ya kutchalitchi. Ba Mulenga anabwera kudzapepesa ndi nkhuku, chinthu chimene mbuya sachita. Amake Simoni anati, "Simunalakwe, ambuya. Munanena zoona. Ndi khomo la mbewa."

Sipanapite zaka zambiri, zinthu ziwiri zinabwera pamodzi. Fakitale yathu inagulitsidwa ndipo tinauzidwa kuti tizipita kwathu, n'kutipatsa kandalama kotsanzikira. Nthawi yomweyo kunamveka kuti nyumba za khonsolo azigulitsa kwa amene akukhalamo. Abale anga anati, "Tenga kandalamako ubwere ku Katete, ugule ng'ombe ziwiri ndi khasu lake, tauni yakulavula." Kunena zoona mtima wanga unali utakwera kale basi. Munthu wopanda ntchito m'Lusaka ndi wachabe, ngakhale galu wa aneba amadziwa. Koma amake Simoni anati, "Atate ake Simoni, pitani ngati mukufuna. Ine sindichoka ndisanagumule khoma ili."

Mtengo wa nyumba sunali woopsa kwa munthu wa ntchito, koma panali malendi otsalira, panali za mapepala, panali kuyenda kumaofesi mpaka nsapato kutha. Kandalama kanga konse kanalowa, njinga inapita, wailesi inapita, makina awo osokera amene anabwera nawo kuchokera kumudzi anapitanso. Tsiku limene tinamaliza kulipira, ine ndinkaganiza kuti tiphika nkhuku. Iwo anapita kwa ba Mulenga, anabwereka hamala ija, anaima pa khomo lakutsogolo n'kumenya khoma kamodzi, phwa! Pulasitala inagwa. Anabweza hamala n'kukaphika kapenta. Mphamvu yogumula tinali nayo tsopano, koma yomanga tinalibe, ndipo bala limenelo linakhala pakhoma zaka zambiri. Iwe Misozi unkabisamo timabatani.

Anayamba kukazinga zitumbuwa mbandakucha, kenako n'kumaoda zitenje m'masitolo a ku Kamwala ndi kukagulitsa m'maofesi m'tauni. Ine ndinkagwira maganyu, ulonda, kukonza mapompi, chilichonse. Analowa chilimba ndi amayi anzawo, kuja kosonkherana mwezi ndi mwezi n'kumapatsa mmodzi. Itafika nthawi yawo yolandira, ine ndinali nditawerengera kale malata ndi simenti m'mutu. Munthu wanzeru amayamba ndi maziko, si choncho? Agogo anu anayamba ndi chitseko.

Ku Kamwala kunali kalipentala wina wachisilamu, Che Amidu, amene makolo ake anachokera ku Malawi. Anapita kwa iye n'kutambasula manja kusonyeza kukula kwake. Che Amidu anati, "Mayi, khomo lotere ndi la tchalitchi kapena la sitolo. Nyumba yake ili kuti?" Iwo anati, "Nyumba ibwera." Kenako anamufotokozera za bokosi la Simoni. Munthu uja anati, "Ndamva, mayi. Lidzakhala loti anthu onyamula mbali zonse ziwiri adutse osagunda phewa." Anasankha yekha matabwa a mukwa, umene kwathu timati mlombwa, ouma bwino. Ndi awa mukuwaonawa. Mnyamata wanu wa tepi akuti ndi akale. Inde ndi akale, koma apeze pamene pafumbwa andionetse.

Tinazitenga pa wilibala ine ndi ba Mulenga, kuchokera ku Kamwala mpaka kuno, anthu akutiseka njira yonse. Ndipo zitsekozo zinakakhala kuti? Kuchipinda kwathu kogona, zotsamira khoma, felemu yake pansi pa bedi. Ndikadzuka ndinkagunda bondo. Loweruka lililonse ankazipukuta ndi polishi, ine nsapato zanga zikulira. Kabwata yense ankadziwa kuti kuli mayi amene anagula chitseko chipinda kulibe. Chaka china zinthu zitavuta kwambiri, munthu wa ku Woodlands amene ankamanga nyumba anamva za zitsekozi n'kubwera ndi galimoto, ndalama zili m'manja. M'nyumba munalibe ufa. Ine ndinapsa mtima, ndinati, "Kodi tidya chitseko?" Iwo anamuphikira mlendoyo tiyi wopanda mkaka, anacheza naye za mvula, n'kumuperekeza kugalimoto. Sitinalankhulane mpaka Lamlungu.

Mabuloko tinkagula pang'onopang'ono, lero asanu, mwezi wamawa khumi, n'kumaunjika kuseri. Anamera ndere, abuluzi anakwatirana momwemo n'kubala zidzukulu. Thumba la simenti limene tinasunga podikira linzake linauma n'kusanduka mwala, ndi uja mumakhalira kuseri pochapa. Tikati tayandikira, mitengo ya zinthu inkakwera n'kutisiya. Inu mumati kumanga n'kupita kubanki, kusaina, Lolemba mmisiri wayamba. Ife tinkamanga ndi zitumbuwa.

Mulu utakula ndithu, iwe Misozi unakhoza mayeso opita kusekondale, ndipo panafunika fizi, yunifomu, nsapato, mabuku. Ndinabwera madzulo ena n'kupeza kuseri kuli mbee, mabuloko onse agulitsidwa. Ndinati, "Amake Simoni, zaka zonsezi?" Iwo anati, "Wamoyo ayambe." Sanalire pamaso panga, koma tsiku limenelo zitseko anazipukuta ngakhale silinali Loweruka. Unkayesa kuti fizi ija inachokera kuti, kumwamba? Usagwetse nkhope, sanadandaulepo ngakhale kamodzi. Tinayambanso mulu wina.

Chipinda chino chinatha iwe uli kukoleji, ife tsitsi litayera. Mango uja tinadula, pamalo pake n'kukhala pakati pa chipinda, ndipo si mwangozi. Khomo lakale analigumula okha ndi hamala ya ba Mulenga mpaka manja anatupa, amisiri akungoonerera, kenako anatsekapo ndi mabuloko. Tsiku lopachika zitseko, amisiri atamaliza, anatiitana ine ndi ba Mulenga. Anatinyamulitsa makwerero aatali a amisiri, wina mbali iyi wina mbali iyo, n'kuti, "Lowani." Tinalowa. "Tulukani." Tinatuluka, osakhota, osapendeketsa, osakhudza felemu. Ba Mulenga, munthu wosasowa chonena, tsiku limenelo anangoyang'ana pansi. Amake Simoni anati, "Basi." Anatseka chitseko chakumanzere, anakhoma loko wake wam'mwamba ndi wapansi, ndipo kuyambira pamenepo tinkadutsira chimodzi.

Mukukumbuka mmene munkakangana nawo? Daliso, tsiku limene amako anatigulira fuliji, unatuluka thukuta kuipanikiza pa chitseko chimodzi mpaka inakalika m'mbali, iwo ataima apo akuti, "Chinacho si cha fuliji." Munkati agogo ndi ovuta. Analidi ovuta, ine ndinakhala nawo ndikudziwa. Koma kwa ine ankanena poyera. Ankati, "Mmodzi wa ife adzatsegulira mnzake. Ndikatsogola ine, mudzandilowetse bwinobwino, amayi adzandiimbire pamene panali mango." Ine ndinkati ndidzatsogola ndine, chifukwa cha shuga. Tinkakangana za zimenezo ngati ana olimbirana mpando wakutsogolo.

Kenako inabwera korona, m'nyengo yozizira ija. Tinadwala tonse awiri. Ine inandigwira pang'ono, iwo inawatsekereza chifuwa. Munabwera kudzawatenga ndi galimoto, anatuluka pa chitseko chimodzi atakoleka dzanja paphewa lako, Misozi, n'kundiuza kuti ndisaiwale kuthirira anyezi. Kuchipatala sanandilole, anati ndine wodwala, ndikhale m'nyumba ndekha. Uthenga unandipeza pa foni.

Ndinafunsa kuti abwera nawo liti kunyumba. Iwe Misozi unati, "Agogo, ba chipatala bakana. Bokosi bavala kudala, sibavomeleza kusegula olo kupeleka ku nyumba. Tichoka ku mochale, straight ku manda, bantu bang'ono chabe. Na imwe simungabwele." Ndinakalipa, ukukumbuka. Ndinatukwana anthu amene sanalakwe, pakuti iwonso ankateteza amoyo. Zaka zonse zija tinkaopa khoma, tinagula nyumba, tinagumula khoma, ndipo chimene chinadzawatsekera kunja sichinali khoma. Pomaliza ndinakupempha chinthu chimodzi, kuti galimoto ya maliro idzere mumsewu muno. Unavutika kumunyengerera dalaivala, ndikudziwa, ndipo sunandifunse chifukwa.

M'mawa umenewo ndinasamba, ndinavala suti yanga ya kutchalitchi. Ndinakankha mipando ndekha, ndikupuma pang'onopang'ono chifukwa chifuwa chinali chisanachire, mpaka pakati panayera. Ndinayala mphasa. Loko wapansi anatseguka, koma wam'mwamba anali atachita dzimbiri, ndinachita kumumenya ndi mwala. Ndinatsegula zonse ziwiri mpaka kumakoma, ndinatsegulanso geti, n'kuima pakati pa khomo. Mphepo ya mwezi umenewo inalowa m'nyumba monse.

Galimoto inabwera, inachepetsa liwiro pa geti, koma sinaime. Ndinaona kona ya bokosi pa galasi lakumbuyo, basi. Ndinati, "Amake Simoni, ndatsegula." Sindikudziwa ngati ndinanena mokweza. Ba Mulenga anali ataima pa mpanda wawo, chansalu kukamwa, ufa uli m'dzanja. Sakanatha kundiyandikira kuti andithire. Anauponya chapatali, mphepo n'kuubwezera pa jekete lawo lomwe. Tinayang'anana nkhalamba ziwiri, tikulira ngati ana.

Iwe Misozi unali m'galimoto yapambuyo. Foni inalira m'thumba mwanga, unati, "Agogo, valani vitseko, muzadwala chibayo! Mwasegulila chani vonse?" Ndinati ndikutulutsa mpweya woipa. Ndinakhala pa mphasa paja mpaka dzuwa linapendeka, ndipo palibe amene anaimba.

Ndiye mwaona, ana inu. Khomo ili linadya makina osokera, linadya njinga, linadya zitumbuwa za zaka zimene sindingaziwerenge, ndipo ntchito imene analipangira silinaigwirebe. Mtima umandiwawa ndikaliyang'ana, koma ukanandiwawa koposa ndikanadzuka n'kupeza mabuloko pamalo pake.

Sindikufuna kuti ngongole ikumize, Misozi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo lendi ndi yofunika, ndavomera. Chipinda changa chogona ndi chachikulu, chili ndi windo loyang'ana kumsewu. Muboole khomo kumbali, muikemo munthu wanu wa lendi, aikenso chitseko chake chachitsulo chimene akuchikonda mnyamata uja. Ine ndisamukira m'kachipinda ka Simoni. Nkhalamba imafuna malo a bedi ndi pokoleka jekete. Denga konzani, matailosi ikani, penti pakani ya mtundu uliwonse, ngakhale wofiirira uja wa ku Kabulonga. Ndikadzapita, nyumba ndi yanu, mudzadule mmene mungafunire, ndipo zitsekozo mukadzagulitsa musadzalole mtengo wa nkhuni.

Koma tsiku langa likadzafika, musadzandithamangitse kuchokera kumochale kupita kutchalitchi ngati katundu wochedwa. Mudzatulutse mipando. Mudzaitane amayi a chigwirizano amene adzakhale atatsala, ndi ba Mulenga ngati adzakhale alipo, adzanene zamwano zawo. Loko wam'mwamba ndimamuthira mafuta tsopano, sadzavuta. Mudzatsegule zonse ziwiri, mudzandilowetse chogona, osapendeketsa, n'kundiika apo pali tebulo. Ndipo ndikadzalowa musadzafulumire kutseka, mudzadikire pang'ono, chifukwa tidzakhala tikulowa atatu.

Misozi, ukupita kuti ndisanamalize? Oo. Kansalu kali pa pompi kuseri. Ukanyowetse kaye, mwana wanga, choko chofiira sichichoka chouma.